Maola Asanu M'mwamba

Bambo Cosme anali m'tulo pamene mbava imalowa kwa aneba awo, Mayi Hawa, ndipo nkhani imeneyi akazi awo, Mayi Dailes, sadzaileka mpaka kumanda. Munthu wagwira ntchito ya njanji ku Entre Lagos zaka makumi atatu, kulemba ola limene sitima yalowa ndi limene yatuluka osaphonya ngakhale mphindi, koma tsiku lokhalo limene maso ake akanathandiza anthu, iye ali gada pampando pansi pa mango, wailesi ikuyankhula yokha. Linali Lachisanu masana, nthawi ya Juma. Amuna a chigawo chimenecho cha Mandimba anali kumzikiti, amayi anali kwa mng'ono wawo wa Mayi Hawa kusankha mpunga wa ukwati. A Cosme, pokhala Akatolika opuma pantchito, analibe kothamangira, ndipo kunena zoona tuloto anatikonda.

Zinasowa ndi zibangili ziwiri zagolide za Mayi Hawa. Zinali za amayi awo. Nthawi ya nkhondo zinawoloka malire kupita ku Malawi zitasokereredwa m'mphepete mwa kapulana, chitenje cha kuno, zinabwerako chimodzimodzi nkhondo itatha, ndipo njala zonse zimene zinadutsa pakhomopo sizinazigulitse. Lamulungu likubweralo Aziza, mwana wamkazi wa Mayi Hawa, amayenera kuzivala pa nikaha yake, ukwati wa Chisilamu, ndi Faizali, mnyamata woyendetsa mota, njinga yamoto yonyamula anthu pamsika.

Loweruka m'mawa, a Cosme akumwa tiyi ndi chinangwa pakhonde, Aziza analowa pampanda maso atatupa. Anagwada, napereka moni ndi mawu osamveka.

"Khala pamphasapo, mwanawe. Kwagwanji?"

"Achimwene akuti ukwati uime. Akuti sangapereke mlongo wawo kwa mbava."

"Mbavayo ndani?"

"Akunena Faizali."

Achimwene akewo ndi Kassimu, wogwira ntchito ku Nampula, amene anafika dzulo lake madzulo. Bambo a anawa anamwalira kale, choncho womupereka Aziza pamaso pa shehe anali Kassimu. Iye akakana, nikaha kulibe, kaya mpunga wasankhidwa matumba angati. Ndiye anali atalengeza kuti ikangotha swala ya Asiri, cha m'ma 3 koloko, akamusiya Faizali m'manja mwa apolisi.

"Faizali sangabe, bambo," anatero Aziza. "Munthu amabweza ndi chipewa chimene wokwera waiwala pamota. Inu mumadziwa kufunsa anthu osawakwiyitsa. Chonde."

A Cosme anayang'ana wotchi yawo yakale ya kunjanji. Inali 7 koloko kupitirira mphindi khumi. Anamva chisoni, komanso, tisabise, kamtima kanadumpha ndi chimwemwe, pakuti chipumireni pantchito panalibe amene anawapatsa nthawi yoti aithamangire.

"Pitani," anatero Mayi Dailes akuchotsa makapu. "Mwina lero muli maso."

*

A Cosme anawapeza Mayi Hawa m'khitchini atakhala pakati pa mapoto obwereka, manja ali m'masaya. Mayi ameneyu ukamufunsa chinthu chimodzi amakuyankha zinayi.

"Kiyi ndimaika pansi pa mtondo, a Cosme, chichokereni ku Malawi mpaka lero, ndipo sindinasowepo ndi supuni yomwe. Odziwa ndine, Aziza ndi Kassimu. Ndiye Faizaliyo ndinamuuza ndekha Lachinayi kuti alowetse mipando ine kulibe. Pakamwa pangapa ndi pamene pandipha."

"Loko sanathyole?"

"Kuthyola kuti? Anatsegula bwinobwino, n'kutsekanso, kiyi n'kubwezera pamalo pake. Mbava yoleredwa bwino."

"Nanga bokosi la zibangili?"

"Ndinalisiya lotsegula m'chipinda, ndimatulutsa nsalu za mkwatibwi. Ndimati ndani angalowe nthawi ya Juma?"

"Ndiye Faizali mukumuganizira chifukwa cha kiyi yokha?"

"Chifukwa cha uyu." Mayi Hawa analoza thumba limene linatsamira khoma. "Ndinamutuma anyezi wa ukwati. Popita kosankha mpunga m'khitchini muno munalibe thumba. Pobwera ndalipeza lili apa. Ndiye kuti analowa. Kumzikitinso sanaoneke. Koma kumufunsa akuti anyezi sanagule n'komwe. Akukaniranji ngati mtima wake uli mbee? Ine mwana uja ndimamukonda, a Cosme, ndi chimene chikundipweteka."

A Cosme anamasula thumbalo. Anyezi anali wofiira, wouma bwino, masamba ake osadula. Anamumanga m'timitolo ndi mlaza, ndipo kamtolo kalikonse anakasiyira kagoba pamwamba kokwana kupisamo zala ziwiri. Anakakweza ndi chala, nakayang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Mundibwereke kamodzi aka."

"Tengani ngakhale thumba lonse. Ukwati wake uli kuti?"

Anakaika m'thumba la jekete. Kamangidwe kameneko anakadziwa, ndipo sikanali ka ku Mandimba.

*

Popita pamene pamaima mota anadutsa dala kwa amayi ogulitsa anyezi. Onse anali ataunjika wawo m'timilu pansi, masamba odula, wopanda chomangira chilichonse.

Faizali anali atakhala pamota yake payekha, anzake atamutalikira pang'ono monga amachitira anthu mphekesera ikafika pamsika. Ndi mnyamata wa mawu ochepa, woti moni wake ndi kumwetulira, koma tsiku limenelo ndi kumwetulirako kunalibe.

"Juma ndinaiphonya, zoona," anatero. "Mayi wina amachokera kuchipatala ndi mwana wodwala, kwawo ku Mitande. Ndikanamusiya padzuwa?"

"Dzina lake?"

"Sindinafunse. Ife timafunsa kopita."

"Unabwerako nthawi yanji?"

"Cha m'ma 3. Msewu uja mukuudziwa."

"Nanga anyezi?"

"Ndimati ndigule lero m'mawa." Anapukuta galasi la mota ndi mkono wa malaya, ngakhale linali loyera kale. "Bambo, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ndikanati ndikabe m'nyumba mwa apongozi, ndikanasiyamo thumba loti adziwire kuti ndinalowa?"

"Funso limenelo ndi lanzeru kuposa onse amene ndafunsa lero. Usachoke pano."

"Ndipita kuti? Ndikachoka ati ndathawa." Anatsitsa mawu. "Aziza akuti chiyani?"

"Ndi amene wandituma."

Mnyamatayo anayang'ana kumbali msanga, ndipo a Cosme anamusiya kuti asamuchititse manyazi.

*

Pobwerera anapeza pakhonde la Mayi Hawa padzaza. Kassimu anali pampando wapakati, malaya ositasita, magalasi akuda ali pamphumi, nsapato zikuwala. Achibale obwera ku ukwati, posowa chochita ndi ukwati woimawo, anamuzungulira kumvera za ndege. Kwa milungu itatu Mayi Hawa anali atauza msika wonse kuti mwana wawo abwera pandege kuchokera ku Nampula kudzatera ku Lichinga, woyamba m'banja lonse kuchoka pansi.

"Bambo Cosme, khalani apa," anatero Kassimu, akuwapatsa mpando. "Inu a sitima mumve mmene anzanu amayendera masiku ano."

"Ndi zimene ndabwerera. Ine ndege ndimangoionera kumimba. Munanyamuka nthawi yanji ku Nampula?"

Sanafunse ndi cholinga choipa ayi. A Cosme munthu akati wabwera kuchokera kuchigayo amamufunsa nthawi imene wanyamuka, ndi matenda a ntchito yawo.

"8 koloko yeniyeni. Ndege si chapa, kaminibasi kathu kaja, bambo, siidikira kuti idzaze."

"Kutera?"

"1 koloko ku Lichinga. Maola asanu m'mwamba, msana kuchita kuuma. Ndiye kuchoka apo chapa, n'kufika kuno dzuwa litapendeka, n'kupeza zamanyazi zimenezi."

"Simunaime penapake panjira? Kapena munazungulira ku mzinda wina?"

"Tiime pati, pamtambo?" Anthu anaseka, Kassimu naye anaseka kwambiri kuposa onse. "Molunjika, bambo. Anatipatsa mpunga wa nkhuku, ndinagona, kudzuka tikadali m'mwamba, akubweretsanso tiyi. Ine ndinali pawindo. Mapiri a ku Ribáuè ndinawaona, a ku Malema ndinawaona, Mutuali uyo. Pa Cuamba ndiye tinadutsa pamwamba penipeni, siteshoni ili apo, sitima yanu ija ikukwawa ngati bongololo."

Mayi Hawa, amene anaima pakhomo, anaiwala chisoni kwa kanthawi, nkhope inawala. "Mukumva, a Cosme? Mwana amene ndinamubereka kumbuyo pothawa nkhondo."

"Ndikumva, mayi. Ulendo wokoma kwambiri."

"Koma wa mota uja asaganize kuti ndatopa," anatero Kassimu, mawu atasintha. "Asiri ikangotha ndikukamutenga ndekha. Mlongo wanga sakwatiwa ndi wakuba ine ndili moyo."

A Cosme anatsanzika mwaulemu. Ali pampanda anatchula okha chamumtima mayina aja: Ribáuè, Malema, Mutuali, Cuamba. Mwanayo sanalumphe siteshoni yaikulu ngakhale imodzi, ndipo anazitchula mwa ndondomeko yake.

*

Kunyumba anatulutsa mapu akale amene anawapatsa popuma ntchito, nawayala pamphasa, miyala inayi m'makona.

"Amayi, ndibwerekeni ulusi."

"Mwayamba kusoka?" anafunsa Mayi Dailes, koma anabweretsa.

A Cosme anakanikiza nsonga imodzi pa Nampula, ina pa Lichinga, ulusi uli nga. Kenako anauyeza pa kamzere ka makilomita kamene kamakhala m'munsi mwa mapu. Anayeza kawiri, pakuti munthu wa njanji sakhulupirira muyeso umodzi.

"Makilomita mazana anayi ndi makumi asanu ndi atatu, kapena kuchepera pang'ono. Mukagawa ndi maola asanu, ndiye kuti ndegeyo imathamanga ngati galimoto pa tala. Ndege yotero ingagwe, amayi. Onaninso apa. Cuamba ali kumunsi kuno, ulusi wadutsa kumtunda uko. Pakati pakepa mpamtunda wa makilomita ngati zana. Siteshoni anaiona ndi maso anji?"

"Inu munakwerapo ndege kuti mudziwe?"

"Ayi. Koma tinabala amene anakwerapo."

Anaimbira Florência, mwana wawo amene ndi namwino ku Lichinga. Chaka chathachi anamutumiza ku maphunziro ku Nampula.

"Papa, muli bwino? Ndili pantchito, nenani msanga."

"Funso limodzi. Pandege paja, kuchoka ku Nampula kufika kwanuko, munatha maola angati?"

"Maola? Ola limodzi, mwinanso silinakwane. Anatipatsa kabisiketi ndi chakumwa, ndisanamalize n'komwe akuti mangani malamba tikutera. Ndinachita kudandaula kuti ulendo wathera pomwepa."

"Mpunga wa nkhuku sanakupatseni?"

Florência anaseka mpaka foni inalira. "Mpunga audye nthawi yanji? Mukufuna kukwera ndege, papa?"

"Ndikufuna kutsitsamo munthu. Gwira ntchito, mwanangu."

Atatseka foni anatulutsa kamtolo ka anyezi kaja nakaika pamapu. Mayi Dailes anangokaona n'kuwomba m'manja kamodzi.

"Anyezi wa pawindo uyu. Wa ku Malema."

Sanalakwe. Zaka zonse zimene a Cosme ankapita ku Nampula pa za ntchito, ankabwera naye anyezi ameneyu. Sitima ikaima pa Malema siichedwa, ndipo mawindo ake ndi aatali, ndiye ogulitsa amamanga timitolo ta kagoba kuti akoleke kunsonga ya ndodo n'kukwezera wogula. Ndipo palibe mwana wa dera lino amene amadutsa pa Malema manja ali m'thumba. Ungakhale wadwala, ungakhale ukupita kumaliro, anyezi ugula basi, chifukwa ukafika kunyumba wopanda anyezi akufunsa ngati unayendadi.

"Ndiye mukuti mwana wa Hawa…" Mayi Dailes sanamalize.

"Sindikunena kanthu. Nthawi ili 12 koloko, ndipo ndatsala ndi munthu mmodzi."

*

Munthuyo anali Hamisse, kondakitala wa chapa ya ku Lichinga imene inatsitsa Kassimu dzulo lake. Anamupeza pa siteji akudya chimanga chootcha, mwendo umodzi uli pachitseko, diso lili kwa anthu odutsa.

"Lichinga, madala? Mpando wakutsogolo ulipo, wa mabwana okhaokha."

"Lero ayi. Dzulo unanyamula bwana wina wa magalasi akuda, wa sutikesi yabuluu."

"Wa nsapato zowala? Ameneyo ndingamuiwale? Anakana kukhala pafupi ndi mbuzi."

"Unamutenga kubwalo la ndege kapena pamsika wa ku Lichinga?"

"Lichinga wake uti? Pa Massangulo, madala, ku Ngauma konkuno. 4 koloko. Anaima pamsewu akupukuta nsapato ndi kansalu, ngati akudikira nduna. Atakwera n'kundinong'oneza kuti, ndege yatera lero ku Lichinga? Ine ndinati, achimwene, ine ndimawerenga mitu ya anthu, za kumwamba funsani mbalame." Analuma chimanga. "Wapalamula?"

"Wayenda ulendo wautali, basi."

"Lichinga, Lichinga, mmodzi watsala," anakuwa Hamisse, atawaiwala kale.

A Cosme anabwerera pang'onopang'ono. Nkhani inali itatheka, koma chimwemwe cha m'mawa chija chinali chitachepa. Kassimuyo iwo anamuona akukula, anamuphunzitsa ndi kuwerenga wotchi pakhonde pomwe paja.

*

Anamuitanira Kassimu kwawo, pansi pa mango, kutali ndi makutu a achibale. Mayi Dailes anabweretsa madzi akumwa n'kuzimiririka, chinthu chimene sachita kawirikawiri. Mapu anali akadali pamphasa, ulusi uli pomwepo, anyezi ali pambali.

"Kassimu, mwanangu, ine ndikuuza ulendo wina, iwe undikonze pamene ndalakwa. Munthu wakwera sitima ku Nampula Lachinayi m'mawa. Pa Malema wagula thumba la anyezi, chifukwa kwawo kuli ukwati ndipo ndi mwana wolera bwino. Wafika ku Cuamba madzulo, wagona. Lachisanu wakwera chapa, wafika pa Mandimba masana. Koma kwawo akumudikira madzulo, kuchokera mbali ya ku Lichinga, ndipo munthu wotsika ndege sasenza thumba la anyezi. Ndiye wati, anthu ali ku Juma, ndikalisiye m'khitchini mwakachetechete, aliyense adzayesa wabweretsa ndi mnzake. Kiyi akudziwa pamene imakhala. Potuluka wakwera chapa ina mpaka Massangulo, kuti abwerere madzulo ngati wochokera ku Lichinga."

"Bambo, ine ndinabwera pandege."

"Ndege ya ku Nampula imatha ola limodzi, Kassimu. Florência anakwera. Siidutsa pa Cuamba, ulusi uwu ukuonetsa. Iwe unaipatsa maola asanu chifukwa unaiyeza ndi sitima. Unati, sitima imadya tsiku lonse, ndege ithamange bwanji, theka lake basi. Ndikanakhala ine ndikanalakwanso chimodzimodzi. Ndiye Hamisse wa chapa akupereka moni, akuti nsapato zinawala bwino pa Massangulo."

Kassimu anayang'ana ulusiwo ndi anyeziyo. Anachotsa magalasi pamphumi, nawapinda, nawaika pamphasa. Popanda magalasiwo anaoneka wamng'ono, yemwe uja ankaba mango pamtengo womwewo.

"Ntchito inatha mwezi wa Epulo," anatero potsiriza, mawu ali pansi. "Sitolo anatseka. Kunyumba kuno sindinanene. Za ndegezo ndinangonena tsiku lina pafoni, mocheza, ndiye amayi anazitenga n'kuzifikitsa pamsika. Ndikanabweza bwanji? Ndinalowa kukasiya anyezi yekha, Mulungu akundiona. Ndiye chitseko cha kuchipinda chinali chotsegula, bokosi lili yasa. Ndinaganiza za ana anga ku Nampula. Ndinati ndikagulitsa ndiyambe kageni, ndikadzapeza bwino ndidzagula zina."

"Zina zoti zinapita ku Malawi m'kapulana ya agogo ako?"

Kassimu anaweramitsa mutu.

"Za njalazo ndazimva, ndipo sindikuseka. Koma Faizali walowamo bwanji?"

"Amayi ndi amene anayamba kumutchula, chifukwa cha anyeziyo. Ine ndinachita mantha. Ndinaona kuti ndikakhala chete andiyang'ana, ndiye ndinayamba kukuwa. Ndikakuwa kamodzi, kachiwiri kamafuna kuposa koyamba." Anapukuta kumaso. "Zili m'sokosi, m'sutikesi. Bambo, ndithandizeni. Ndikaziponye kuseri kwa bokosi, Aziza akazipeze posesa. Ukwati uchitika, palibe wovulala."

A Cosme anaganizira ndithu, pakuti njira imeneyo inali yofewa ndipo iwo sakonda phokoso. Koma anapukusa mutu.

"Zikapezeka kuseri kwa bokosi, anthu adzati Faizali wachita mantha wabweza. Adzakwatira, inde, koma apongozi ake azidzasuntha kiyi iye akamabwera. Pamsika anzake amutalikira kale. Ana ake adzamva kuti bambo awo anaba pa ukwati wawo womwe. Zibangili kubweza n'kosavuta. Dzina la mnyamata uja unalichotsa ndi pakamwa pako pamaso pa anthu, ndipo pakamwa pomwepo ndi pamene palibweze."

"Amayi afa ndi manyazi."

"Amayi ako anawoloka malire usiku ndi iwe kumbuyo. Safa ndi zimenezi." Anayang'ana wotchi. "Kwatsala mphindi makumi anayi kuti Asiri ikwane. Ndikuperekeza, koma wolankhula ndiwe."

*

Analankhulira m'khitchini, pamaso pa Mayi Hawa ndi Aziza, a Cosme ataima pakhomo ngati mlonda. Kassimu anagwada, natulutsa sokosi, nakhuthulira zibangili m'manja mwa amayi ake. Ananena zonse, za ntchito, za sitima, za Massangulo, osakweza maso.

Aziza anagwira pakamwa, misozi ikutsika, koma inali misozi ya munthu amene amutula katundu. Mayi Hawa, mayi wa mayankho anayi pa funso limodzi, anakhala chete mpaka a Cosme anayamba kuda nkhawa. Anatembenuza zibangilizo m'manja, kenako anayang'ana thumba lija.

"Anyezi uyu unagula ndiwe?"

"Eya, amayi."

"Ntchito ulibe, n'kugula thumba lathunthu la ukwati wa mlongo wako. N'kulisenza musitima tsiku lonse, n'kugona nalo ku Cuamba, n'kulikweza pachapa." Anasisita thumbalo ndi dzanja. "Chimenechi ndiye ndikanauza msika wonse, Kassimu. Ndege ija ndikanaiphika?"

Kassimu analira ngati mwana, ndipo amayi ake anamusiya alire. Kenako anaimirira, namanga kapulana mwamphamvu m'chiuno.

"Dzuka. Pukuta kumaso. Tikupita pamsika, iwe ndi ine, wapansi. Pamene pali anzake onse a mota ndi pamene ukanene. Ukatha iwe ndipepesa ine, chifukwa woyamba kumutchula mwana wa eni ndine."

A Cosme sanapite nawo, anati zimenezo n'za banja. Koma Mayi Dailes anapezeka kuti akufuna mchere mwadzidzidzi, ndipo pobwera anafotokoza zonse: mmene pamsika panakhalira zii, mmene Kassimu ananenera mawu ake onse osadumpha, ndi mmene Mayi Hawa anabwerera kunyumba atakwera mota ya Faizali, atakhala chammbali ngati mfumukazi. Faizali sananene kanthu kwa Kassimu, ngakhale liwu limodzi. Mchere Mayi Dailes anaiwala kugula.

*

Lamulungu kunacha bwino. Fungo la anyezi wokazinga linafika mpaka kumsewu, ndipo amayi ophika anavomerezana kuti anyezi wa ku Malema alibe mnzake. Nikaha inachitikira pabwalo la Mayi Hawa, pamikeka, ndipo a Cosme anawapatsa mpando pambali, pamthunzi, jekete atalisita. Aziza anali m'nyumba ndi amayi anzake. Podutsa pawindo a Cosme anaona dzanja lake, zibangili ziwiri zili pamkono.

Panatsala chinthu chimodzi. Pa nikaha, womupereka mkazi ndi mkwati amakhala moyang'anana pamaso pa shehe n'kugwirana dzanja, ndipo mawu onse amanenedwa manja ali chigwirire. Kassimu anakhala pamalo pake wopanda magalasi, maso ali pamkeka. Faizali anakhala patsogolo pake. Chichokereni pamsika paja awiriwa anali asanalankhulane, ndipo aliyense pabwalopo ankadziwa zimenezo.

Shehe anati agwirane manja. Dzanja la Kassimu linakhala pabondo, lolemera, ngati mwini wake akuona kuti silikuyenera. Faizali ndiye anatambasula lake, nalisiya m'malere, akudikira.

A Cosme, mwa chizolowezi, anayang'ana wotchi. Masekondi asanu. Khumi. Zaka makumi atatu akudikira sitima ku Entre Lagos, sanadikirepo ndi mtima wothamanga chonchi.

"Alamu," anatero Faizali motsitsa, koma pabwalo panali chete moti onse anamva, "dzanja likutopa. Mpunga ukuzizira."

Wina anaseka kumbuyo, kenako ambiri. Kassimu anakweza maso onyowa, nagwira dzanjalo ndi manja ake onse awiri.

"Yatenga nthawi yaitali bwanji?" ananong'oneza Mayi Dailes, amene anaona amuna awo akuyang'ana pamkono.

"Sindikudziwa," anatero a Cosme, akupukuta m'maso ndi chala. "Ndinasiya kuwerenga."